Ufumu wa Kalonga: mpando udali ku Mankhamba, mwini wake adali Nyangu

Anthu ambiri oyenda pa msewu wa m'mbali mwa nyanja, pakati pa Salima ndi Balaka, amadziwa Mtakataka ngati dera la mpunga, la sukulu ya apolisi ndi la njanji. Ndi ochepa amene amadziwa kuti kufupi ndi pamenepa, m'mphepete mwa mtsinje wa Nadzipulu, ndi pomwe padali Mankhamba, likulu la ufumu wa Maravi, womwe dzina lake dziko lino lidatenga polandira ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1964. Pamalopa palibe linga la miyala ngati la ku Great Zimbabwe, chifukwa nyumba za a Kalonga zidali za mitengo, dothi ndi udzu.

Ufumuwu udamangidwa pa ubale, ndipo ubale womwewo ndi umene udadzaugawanitsa. Kuti munthu amvetse chifukwa chomwe mfumu yaikulu ya Achewa ikukhala ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, pomwe likulu lakale lili m'boma la Dedza, ayenera kuyamba wadziwa amayi awiri: Nyangu wa fuko la Phiri ndi Mwali wa fuko la Banda.

Kuchokera ku Malambo

Mbiri yopatsirana pakamwa, yomwe mbali yake yaikulu adailemba ndi Samuel Josiah Ntara m'buku la Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940, imati makolo a Achewa adachokera ku Malambo, m'dziko la Aluba, dera la Katanga ku Democratic Republic of Congo. Iwo sadabwere ulendo umodzi. Oyamba kufika adali a fuko la Banda pamodzi ndi mafuko ena, anthu amene adalibe mfumu imodzi yolamulira onse. Ulemu waukulu pakati pawo unkapita kwa amayi oitanitsa mvula, ndipo wamkulu mwa iwo adali Makewana, kutanthauza mayi wa ana, yemwe kachisi wake adayambira pa Kaphirintiwa m'mapiri a Dzalanyama asadasamukire ku Msinja. Anthuwa adapeza Akafula ali kale m'dziko muno, ndipo zojambula zofiira za m'mapanga a Chongoni, omwe bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse m'chaka cha 2006, akatswiri amati ndi za Akafulawo.

A Phiri adafika pambuyo, ndipo adabwera ndi chinthu chomwe a Banda adalibe: mfumu imodzi yokhala ndi dzina la Kalonga, yolonga mafumu ena pansi pake. Mbiri ya pakamwa imatchula Mazizi ngati Kalonga amene adatsogolera ulendowu poyamba, kenaka Chinkhole, kenaka Chidzonzi, yemwe dzina lake limamveka kwambiri pa nkhani ya kukhazikika kwa a Phiri m'chigwa cha kunsi kwa mapiri a Dedza. Mankhamba adali kale malo a kachisi wa a Banda. A Phiri adaika bwalo lawo la ufumu pafupi, pamalo otchedwa Manthimba, ndipo mayina awiriwa amatchulidwa limodzi mpaka lero.

Za chaka chomwe izi zidachitika, akatswiri sagwirizana. Ambiri amati a Phiri adali atakhazikika m'derali zaka za m'ma 1400 zisadathe. Katswiri wina wa ku Britain, Malyn Newitt, adalemba mu 1982 kuti maufumu akuluakulu a Amaravi adakula mochedwa, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1500, potengera zomwe Apwitikizi adalemba. Umboni wogwirika udabwera ndi Yusuf Juwayeyi, yemwe adakhalapo mkulu woona za chikhalidwe ndi zinthu zakale m'boma komanso kazembe wa dziko lino ku United Nations. Iye adafukula pansi pa Mankhamba ndipo adasindikiza zomwe adapeza mu 2010 komanso m'buku la mu 2020. Pamalopa padatuluka mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja ya Indian, zidutswa za mbale za ku China, zipangizo za mkuwa ndi za chitsulo, ndiponso zibangiri ndi zotsalira za minyanga ya njovu, zomwe zikusonyeza kuti minyanga inkasemedwa pomwepo. Mkuwa sukumbidwa m'derali, choncho udachita kubwera ndi amalonda. Mudzi wamba sukadakhala ndi katundu wotere.

Bele la Nyangu

M'maufumu ambiri a ku Ulaya a nthawi imeneyo, mpando unkachoka kwa bambo kupita kwa mwana wake wamwamuna. Ku Mankhamba mwana wa Kalonga sankalowa ufumu. Mwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi, ndipo fuko lake linkakhala la mayi ake. Wolowa m'malo mwa Kalonga ankayenera kukhala mbale wake wa mimba imodzi kapena mwana wa mlongo wake, ndipo onsewa ankayenera kuchokera mwa mayi mmodzi, Nyangu.

Nyangu silidali dzina la munthu mmodzi. Lidali dzina la udindo, ndipo ankalitenga ndi mayi kapena mlongo wa Kalonga. Nyangu akamwalira, mbumba inkasankha wina wa m'bele lomwelo kuti alowe dzinalo. Motero mndandanda wa a Kalonga si wa bambo, mwana ndi mdzukulu. Ndi mndandanda wa amuna amene mgwirizano wawo uli mwa amayi awo, ndipo wofuna kujambula mtengo wa banjali ayenera kuika amayi pa thunthu, mafumuwo n'kukhala nthambi. Dongosolo lofanana ndi limeneli likupezekanso kwa Asante a ku Ghana, komwe mayi wa ufumu, Asantehemaa, ndiye amatchula dzina la woyenera kukhala mfumu.

Mayi wachiwiri adali Mwali, mkazi wamkulu wa Kalonga, yemwe ankachokera ku fuko la Banda. Ukwatiwu udali pangano pakati pa obwera ndi eni nthaka. A Phiri adatenga ulamuliro, milandu ndi nkhondo, pomwe a Banda adasunga mvula, nsembe ndi kachisi. Kalonga aliyense watsopano ankalimbitsanso panganoli pokhala ndi Mwali, ndipo akuluakulu a Banda adali ndi mawu pa zochitika za ku likulu, kuphatikizapo nkhani ya wolowa ufumu. Maudindo ena a pabwalo, monga Khombe wotsogolera nkhondo, Mkomba wopereka chilango cha imfa ndi Mgawi wogawa malo, ankathandiza kuti mafuko ena monga a Mwale akhale ndi gawo mu ulamuliro.

Zotsatira za dongosololi n'zoyenera kuzilingalira bwino. Popeza Mwali adali wa kwa Banda, ana amene Kalonga adabereka mwa iye adali a Banda, ndipo sakadalimbirana mpando ndi bambo awo. Mfumu ikadatha kudalira mwana wake mopanda mantha. Amene ankayenera kuwayang'anitsitsa adali abale ake a mimba imodzi ndi ana a alongo ake, chifukwa aliyense mwa iwo adali ndi magazi omuyenereza kulowa dzina. Komanso popeza mwambo umalola ukwati wa pachisuweni, mwana wa Kalonga, wa fuko la Banda, akadatha kukwatira mwana wamkazi wa mlongo wa bambo ake, wa fuko la Phiri, ndipo mwana wobadwa m'banjamo akadakhala Phiri wa m'bele lachifumu. Mwa njira imeneyi mdzukulu akadatha kukhala pa mpando umene bambo ake sadaloledwe kuuyandikira. Mafuko awiriwa adalukana chonchi mibadwomibadwo, kufikira zidakhala zovuta kupeza wa kwa Phiri wopanda agogo a kwa Banda.

Moto ndi Mlira

Abale ochuluka oyenera mpando umodzi ndi vuto, ndipo a Kalonga adalisandutsa njira yokuzira ufumu. Abale amene sadalowe dzina ankatumizidwa kukalamulira madera akutali. Mayina monga Kanyenda ku Nkhotakota, Chulu ku Kasungu ndi Kabunduli ku Nkhata Bay amakumbukira chiyambi chawo polumikiza ndi Kalonga. Si onse adali a Phiri. Mkanda wa ku Mchinji ndi wa fuko la Mbewe. Wolongedwa ankapatsidwa zizindikiro za ufumu monga mpando ndi litchowa, komanso moto wochokera ku likulu. Moto wa Kalonga sunkazima mfumu ili moyo. Ikamwalira ankauzimitsa, n'kudzakoleza wina polonga watsopano. Anthu ambiri amagwirizanitsa dzina la Maravi ndi malawi a moto.

Mafumuwa ankatumiza mitulo ku likulu: mnyanga wa njovu umene wagunda pansi nyamayo ikagwa, zikopa za mikango ndi akambuku, nthenga zofiira za mbalame. Kamodzi pa chaka, cha m'mwezi wa September, akuluakulu a banja la Phiri ankasonkhana ku likulu pa mwambo wa Mlira, wolemekeza mzimu wa Kalonga amene adatsogolera makolo awo kulowa m'dziko muno. Mwambowu unkatha ndi kutentha tchire la Marimba m'mbali mwa nyanja. Msonkhano wotere udali nsembe, komanso udali kalembera wa banja: wosabwera ankadziwika.

Chinthu china chomwe chidagwira ufumuwu n'chakuti wolowa dzina ankalowanso ubale wa mwini dzina. Ngati Undi woyamba adali mbale wa Kalonga, Undi aliyense wobwera pambuyo ankakhalabe mbale wa Kalonga aliyense, ngakhale patapita mibadwo khumi anthu ake asadaonanepo. Mwambo womwewu ulipo kwa Alunda a Mwata Kazembe ku Luapula, omwenso makolo awo adachokera ku Congo. Ndi chifukwa chake mpaka lero mfumu yachinyamata imatha kunena za mfumu ina yaimvi kuti ndi mwana wake kapena mng'ono wake. Imakhala ikunena za mayina, osati za anthu amene akhala pa mipandoyo, ndipo wolemba zokambirana pa msonkhano wa mafumu akapanda kudziwa izi amasokoneza mbiri yonse.

Tsiku lomwe Undi adanyamuka

Kugawanika kudayamba ndi Kaphwiti ndi Lundu, abale a Kalonga amene adalowera kummwera m'chigwa cha Shire. Nthano zina zimati adatumidwa, zina zimati adachoka pa mkangano. Kaphwiti adakhala cha ku mtsinje wa Wamkulumadzi, Lundu n'kupitirira mpaka ku Mbewe ya Mitengo m'boma la Chikwawa, komwe adakula mphamvu kuposa Kaphwiti ndipo adadzakhala woyang'anira kachisi wa Mbona ku Khulubvi. Anthu awo ndi amene adadzatchedwa Amang'anja.

Kuchoka kwa awiriwa kudachepetsa dziko la Kalonga, koma kuchoka kwa Undi kudakhudza muzu weniweni. Undi adali mbale wapafupi wa Kalonga ndipo ankayembekezera kulowa dzina. Akuluakulu a pabwalo adamudumpha n'kusankha wina. Iye sadamenye nkhondo yolanda mpando. Adanyamuka kulowera kumadzulo, n'kukakhazikika ku Maano, cha ku mtsinje wa Kapoche m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo adatenga Nyangu pamodzi ndi gawo lalikulu la mbumba yachifumu. Akatswiri amaika ulendowu m'zaka za m'ma 1500 kapena kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600.

Ku Mankhamba kudatsala mpando, kachisi ndi Mwali, koma mayi wobereka mafumu adali atapita. Kuyambira pamenepo, Kalonga akamwalira, woyenera kulowa dzina ankapezeka kwa Undi. Munthu amene adamanidwa ufumu adasanduka wosunga bele lomwe mafumu ankachokera, ndipo adali ndi mawu pa Kalonga aliyense wotsatira. Harry Langworthy, katswiri wa ku America amene adafufuza mbiri ya Undi m'zaka za m'ma 1960, adaonetsanso kuti Undi adafikitsa mphamvu zake mpaka pa kachisi wa Makewana ku Msinja. Mwa zonse zomwe mbiri ya Maravi imasimba, palibe chochitika china chimene chikuonetsa bwino chonchi kuti ufumuwu unkakhala mwa yani.

Zomwe Apwitikizi adaona

Zolembedwa zoyamba za Amaravi ndi za Apwitikizi a ku Tete ndi ku Sena, ndipo zikutchula kwambiri mfumu yotchedwa Muzura. Mu 1608 Muzura adatumiza ankhondo 4,000 kukathandiza Apwitikizi amene ankamenyera nkhondo Gatsi Rusere, Mwenemutapa wa kutsidya kwa Zambezi. Mu 1616 Gaspar Bocarro adamuchezera pa ulendo wake wochokera ku Tete kupita ku Kilwa. Mu 1622 Muzura, mothandizidwa ndi Apwitikizi, adagonjetsa Lundu. Ena amati Muzura adali Kalonga weniweni wa m'bele la Nyangu. Ena amati adali munthu wakunja kwa banjali amene adakwera ndi mphamvu za nkhondo. Ngati oyambawo akulondola, ndiye kuti nkhondo ya mu 1622 idali ya pachibale, Phiri kumenya Phiri mnzake ndi mfuti za alendo.

Pofika mu 1667, wansembe wa chipani cha Jesuit, Manuel Barreto, adalemba za ufumu wa Maravi wolamulidwa ndi mfumu yomwe iye adaitchula kuti Caronga, wofika mpaka kugombe la nyanja yamchere kufupi ndi chilumba cha Mozambique. Imeneyi ndiyo idali nthawi ya kukula kwake kwenikweni.

M'zaka za m'ma 1700 ubale udayamba kuchepa mphamvu poyerekeza ndi malonda. Mafumu a m'madera adayamba kugulitsa okha minyanga kwa Ayao, Abisa ndi Apwitikizi m'malo moitumiza ku likulu, ndipo mfumu yopeza nsalu ndi mikanda payokha idalibenso chifukwa chachikulu chopitira ku Mlira. António Gamitto, msilikali wa Chipwitikizi amene adadutsa m'dziko la Amaravi mu 1831 popita kwa Kazembe, adapeza dziko logawikana pakati pa mafumu ambiri. Kalonga womaliza wa ku Mankhamba, Sosola, adafa m'zaka za m'ma 1860 pa nkhondo yolimbana ndi Ayao.

Pambuyo pake Angoni a Maseko adakhazikika ku Domwe, ndipo m'zaka za m'ma 1890 Kachindamoto, atasemphana ndi Gomani, adatsikira kunyanja n'kukhala ku Mtakataka. Mu 1902 ansembe a White Fathers adatsegula mishoni ya Mua. Pamalo omwewa Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni mu 1976, ndipo nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chamare ikufotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, mitundu itatu yomwe idakumana m'chigwachi.

Dzina lidatsata bele

Dzina la Kalonga silidafere ku Mankhamba. Lidatsata Nyangu. Ufumu wa Undi ku Maano udafooka kaamba ka Angoni, Achikunda ndi Apwitikizi, ndipo m'zaka za m'ma 1930 Undi adaolokera ku Northern Rhodesia, komwe boma la Britain lidamuvomereza ngati mkulu wa Achewa a kumeneko. Dzina la Kalonga lidaphatikizidwa ku la Undi, n'kukhala Kalonga Gawa Undi, ndipo akuluakulu amamasulira mayina atatuwa kuti wolonga mafumu, wogawa malo ndi woteteza anthu. Mwambo wa Kulamba, womwe udatsitsimutsidwa mu 1984, umachitika ku Mkaika Loweruka lomaliza la mwezi wa August, ndipo mafumu a Achewa ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amakapereka mitulo ndi malipoti a madera awo. Mu 2007 atsogoleri a mayiko atatuwa, Bingu wa Mutharika, Armando Guebuza ndi Levy Mwanawasa, adakhala nawo pa mwambowu. Udindo wa Nyangu ulipobe ku Mkaika. Ufumu wa Lundu nawo ulipobe ku Chikwawa, pa mlingo wa mfumu yaikulu ya mafumu.

Malinga ndi kalembera wa mu 2018, anthu 34 mwa anthu 100 alionse m'dziko muno ndi Achewa, ndipo maufumu awo ambiri akutsatabe lamulo la bele. Lamulo la mafumu la mu 1967 limati wovomerezedwa ndi boma akhale munthu woyenera udindowo malinga ndi mwambo komanso wofunidwa ndi anthu ambiri a m'dera lake. Mawu akuti mwambo ndi amene amabweretsa mikangano ku maofesi a mabwanamkubwa ndi kumakhoti, chifukwa mwana wa mfumu amene wakulira pabwalo amaona ngati ufumu ndi wake, pomwe mbumba imaloza mwana wa mlongo wa malemuyo, ndipo mabele awiri kapena atatu a banja limodzi amatha kukangana kuti lalikulu ndi liti.

Chomwe chimasokoneza kwambiri ndi mayina. Kale mfunda unkatsata mayi. Lero kusukulu, kuchipatala ndi pa chiphaso cha unzika anthu ambiri amalembetsa mfunda wa bambo, choncho munthu wolembedwa Banda kapena Mwale atha kukhala Phiri wa m'bele lachifumu, pomwe wolembedwa Phiri alibe gawo pa mpandowo. Kalonga Gawa Undi amene adalongedwa mu 2004 dzina lake ndi Frederick Daka, ndipo dzina la Daka silidamulepheretse chifukwa ufumuwu umayendera kuchikazi. Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr Hastings Kamuzu Banda, adatenga dzina la bambo ake, Mphonongo Banda, pomwe mayi ake, Akupingamnyama, adali a kwa Phiri.

Ku Mtakataka komweko malamulo awiri akuyendera limodzi. Malo a Mankhamba ali m'dera la Mfumu Kachindamoto, ufumu wa Chingoni umene umatsata kuchimuna, ndipo pomwe Theresa Kachindamoto adalongedwa mu 2003 adalowa dzina la kubanja la bambo ake. M'midzi ya Achewa ya pansi pa ufumu womwewo, nyakwawa ikamwalira, amayi a mbumba ndiwo amakhala pansi kusankha, ndipo funso loyamba limakhala lakuti wotchulidwayo adabadwa mwa yani.